Dzino la Mvuu ndi Ndalama ya Achule

Tasenderani kuno, mtedzawu sudziswa wokha. Iwe Yotamu, foniyo ilowe m'thumba. Chiyambire m'mawa ukungowasokosera a Nasibeko ndi kiriputo wakoyo, ndalama ya m'foni yosagwirika ija, ati ndiyo idzagwetse ndalama ya boma. Nawonso a Nasibeko sakugonja, ati ndalama imene singamangike pamfundo ya chitenje iwo saidziwa. Mkangano wanuwu ngwakale. Zinyama ndizo zinayamba kuukangana, ndipo ine ndinamva kwa amene anakhala kutsogolo pabwalo tsiku limenelo. Chinangwa chizipsa pambaulapo, manja aziswa, makutu abwere kuno. Ndikati kalekale, inu muziti tili pompano.

Kalekale, m'mbali mwa mtsinje wina munali madimba a tizinyama ting'onoting'ono. Fuko anali ndi lake, Gologolo lake, Sakhwi lake. Kumapeto kwenikweni, pamene mtsinje umakhota, panali dimba la mayi Nkhanu. Linali laling'ono, mphasa zitatu zikanaliphimba lonse, koma maungu ake, anthu inu! Ukadya limodzi unkayiwala dzina la apongozi ako. Dimba limeneli anawasiyira ndi amayi awo, ndipo ana awo makumi anayi ankadya momwemo.

Masiku amenewo malonda anali osinthana. Wa mbatata ankafuna mchere, wa mchere ankafuna nsomba, wa nsomba ankafuna mbatata, koma anali atayambana ndi wa mbatata uja pamaliro. Dzuwa linkalowa msika usanayambe. Mfumu Mkango inatopa ndi milandu ya pamsika, ndiye inaitana zinyama zonse.

"Kuyambira lero," anatero Mkango, "boma langa likhala ndi ndalama. Ndalamayo ndi zigoba za nkhono."

Nyani anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Zigoba, mfumu? Ndiye ine ndalemera kale, kuseri kwa nyumba yanga kuli mulu!"

"Khala pansi iwe. Chigoba chikhala ndalama pokhapokha chitabooledwa ndi dzino la Mvuu. Dzino ngati limenelo palibenso wina ali nalo. Mvuu, kuyambira lero ndiwe Mlumi Wamkulu wa Boma. Uluma zigoba mazana atatu, basi. Msonkho nonse muzipereka zigoba. Ndipo wogula akaloza chinthu n'kutula zigoba, wogulitsa asakane. Wokana dzino la Mvuu wakana ine."

Mvuu anakhala m'mphepete mwa madzi n'kuyamba ntchito. Kho! Kho! Kho! Zigoba mazana atatu. Ndipo ndinene chilungamo, a Nasibeko mumve bwino, ndalama ija inathandiza. Msika unkatha dzuwa lili pamutu. Ndi msonkho uja Mkango anakonzetsa mlatho, naika alonda panjira. Wina akakubera chigoba unkadziwa kokadandaula. Chaka choyamba zinyama zinanenepa.

Koma Mvuu anali ndi mimba, ndipo mimbayo inkalankhula mokweza kuposa mfumu. Tsiku lina akudutsa pamsika anamva fungo la zitumbuwa, m'thumba mulibe kanthu. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Pansi panali chigoba.

"Ndingoluma kamodzi kokha," anatero. Kho!

M'mawa mwake anaona nzimbe. "Ndingoluma kamodzi kokha." Kho! Mkuja wake anaona uchi. "Ndingoluma kamodzi kokha." Kho! Kho! Kho! Kamodzi kake kankafika madengu awiri.

Zigoba zinachuluka, zinthu n'kukhala zomwe zija. Mulu wa tomato umene unali wa chigoba chimodzi unafika zisanu, kenaka makumi awiri. Fuko ankapita kumsika atasenza lichero la ndalama, pobwerera atafumbata mchere m'dzanja limodzi. Zinyama zinkangoti kunja kwaipa, osadziwa kuti chaipa ndi dzino.

Kenaka Mvuu anatopa ndi kugula mulumulu. Anati bwanji osangogula pamene zimamerapo. Anafika kwa Fuko, naloza.

"Dimba ili ndagula." Zigoba khuthu!

"Bwana, sindikugulitsa ine."

"Wati chiyani? Wakana dzino langa? Tiye ukawauze a Mkango kuti wawakana."

Fuko anatola zigoba zija misozi ili mbwembwembwe. Kwa Gologolo chimodzimodzi, kuloza, khuthu. Kwa Sakhwi chimodzimodzi, kuloza, khuthu. Madimba onse anatha, kupatula la pokhota paja. Mvuu anaima pamenepo malovu ali chuchuchu, koma maungu anali akadali anthete.

"Mayi Nkhanu," anatero, "ine sindine woipa mtima. Sindiloza lero. Zithirirani, zipalirani, musatope. Tsiku limene dzungu loyamba lidzakhwime, ndidzabwera ndi dengu."

Mayi Nkhanu analira tsiku limenelo, ndisakubisireni. Anayang'ana ana awo makumi anayi, anayang'ana maungu, mtima unawawa. Atatha kulira anapukuta maso, namanga chitenje. Paja Nkhanu sayenda molunjika. Ena akamati apita uko, iwo amakhala apita uku. Tsiku limenelo anayenda chammbali mpaka kudambo, kwa a Finye, mkulu wa achule, uja wozungulira ngati mpira wokhala ndi nkhope ya munthu amene wamulanda njinga.

"Odi kuno! A Finye, ndamva kuti inu achule zigoba simuzigwira. Nanga mumagula bwanji?"

"Ife tilibe matumba, mayi," anatero Finye. "Tingaike pati chigoba? Tili ndi ndalama yathu. Dzina lake kwiyo."

"Tandionetsani."

"Siioneka."

"Tandipatsani ndigwire."

"Siigwirika. Imayimbidwa. Madzulo aliwonse achule tonse m'dambo muno timayimba kuti wakuti ali ndi zingati, wakuti ali ndi zingati. Chule mmodzi akanama, enafe timamuposa mawu, bodza lake limamira. Palibe mfumu, palibe dzino. Kwiyo zilipo zana limodzi lokha, ndipo sizidzachuluka. Wofuna kwiyo akumbe matope m'dziwe lathuli kuti madzi azikhalitsa, timupatsa, mpaka zana lithe."

"Nanga wina akabwera n'kunena kuti ndine Nkhanu, ndipatseni zanga?"

"Aliyense amatseka kwiyo zake ndi mawu asanu ndi awiri. Amanong'oneza liwu limodzi kwa chule mmodzi, lina kwa wina, achule akuluakulu asanu ndi awiri. Pofuna kugula amawanenanso, mwandondomeko yake. Akalakwitsa, ife zii."

"Akayiwala?"

"Ife sitikumbutsa munthu. Ngakhale amayi athu otibereka."

Mayi Nkhanu anatembenuza maso awo aja a pamitengo. "Funso lotsiriza, a Finye. Chilimwe dambo likauma, inu mumakhala kuti?"

Finye anatsokomola. "Timagona pansi pa nthaka."

"Ndiye ndalama yanu nayo imagona?"

"Siigona, mayi. Imapumula."

Mayi Nkhanu sanaseke. Zonse anazisunga mumtima, nabwerera chammbali. Anaitana Fuko, Gologolo, Sakhwi ndi onse olandidwa madimba. Anati, "Abale anga, manja tili nawo, pogwira tilibe. Tiyeni tikakumbe kwa achule." Anakumba, anakumba, anakumba. Fuko ndiye anachita kunyanya, paja kukumba n'kwawo. Pasanathe mwezi zana lonse linali litagawika, ndipo madzulo dambo linkayimba:

"Fuko makumi awiri, kwiyo! Sakhwi zisanu, kwiyo! Nkhanu imodzi, kwiyo!"

Imodzi yokha, inde. Mayi Nkhanu anakumba tsiku limodzi n'kubwerera kukathirira maungu.

Tizinyama tija tinayamba kugulitsana ndi kwiyo. Bowa, nkhuni, uchi, mphasa, zonse zinkagulidwa m'mamawa pakamwa pokha. Mvuu akafika pamsika ndi dengu lake ankapeza palibe choti agule. Akaloza ichi, chagulidwa kale, bwana. Akaloza icho, chagulidwa kale, bwana. Anapsa mtima, nathamangira kwa Mkango nthaka ikuchita kugwedezeka. Mkango anaitanitsa bwalo pansi pa mkuyu.

Mvuu ndiye anayamba. "Mfumu, achule akuseweretsa boma. Ati ali ndi ndalama. Ili kuti? Aitulutse tiione! Yanga nayi, mukhoza kuigwira, mukhoza kuinunkhiza, mukhoza kumugenda nayo mwana wosamva. Yawo ndi phokoso chabe."

"Yanuyo ndi nyumba yakale ya nkhono," anatero Finye. "Mwini wake anaithawa. Mukaiphika mungadye? Imagula chifukwa tonse tinavomera kuti izigula. Yathu nayo chimodzimodzi. Kusiyana kwake, yathu siiswana munthu akamva fungo la zitumbuwa."

Bwalo linati wooo! Mvuu anachita ngati sanamve.

Mkango anakweza dzanja. "Finye, ndikufunse. Mlatho uja anamanga ndi nyimbo? Alonda anga ndiziwalipira nyimbo? Sakhwi akanamizidwa n'kupereka kwiyo zake kwa tambwali, akadandaule kwa yani?"

"Kwa iye mwini, mfumu. Zapita zapita."

"Wamva zimenezo?" anakuwa Mvuu. "Ndalama yopanda kodandaula!"

"Nanga ife," anatero Fuko, "pamene lichero la zigoba lagula mchere wa m'dzanja, tinadandaula kwa yani?"

Panali phokoso. Awa ati zigoba, awa ati kwiyo. Nyani ankavomereza mbali zonse ziwiri, malingana ndi amene wakuwa kwambiri. Pamenepo mayi Nkhanu anadzera chammbali, nagwada pamaso pa mfumu, naomba m'manja. Tizinyama tinati eya, atiyankhulira. Koma zimene ananena zinatidabwitsa.

"Mfumu, ine ndili mbali ya bwana Mvuu. Ndalama ya achuleyi njoipa, iletseni lero lomwe. Sabata yatha kwiyo imodzi inkagula dengu la bowa. Dzulo madengu awiri. Lero anayi. Munthu ukungogona, chuma chikukula chokha. Si kuphunzitsa ulesi kumeneko? Ndipo chimene chikundiopsa ine, zilipo zana lokha. Atapezeka wina wamkulu, wanzeru, n'kuzigula zonse, ameneyo ndiye kuti dziko lonse lalowa m'kamwa mwake. Azingoti wagona m'madzi, chuma chikufufuma. Iletseni, mfumu, wotere asanaganize."

Timakutu ta Mvuu tinati pherupheru.

"Madengu anayi?" anafunsa chapansipansi. Kenaka anakonza kukhosi. "Mfumu, tisapupulume. Ine monga Mlumi Wamkulu ndikuona kuti nkhaniyi ikufunika kuifufuza modekha. Ndiifufuza ndekha."

Mkango anagamula kuti msonkho ukhalabe wa zigoba, koma kwiyo zisaletsedwe kufikira Mvuu atamaliza kufufuza.

Kufufuza kwake kunayamba m'mawa mwake pakhomo pa Fuko. Zigoba khuthu! "Kwiyo zako ndagula."

Mayi Nkhanu anali pomwepo, ati anabwera kudzapempha moto. "Pepani bwana, ine ndi munthu wosaphunzira, koma lamulo lija likuti wogula aloze chimene akugula. Talozani kuti mwanayu asakane."

Mvuu analoza kumwamba. Analoza kudambo. Analoza pamimba pa Fuko. Palibe chimene chinalozeka.

"Ndiye ukufuna chiyani?" anabangula.

"Dimba langa, bwana," anatero Fuko. "Ndi lumbiro loti simudzaligulanso ndi zigoba."

Mvuu anaseka mumtima. Anati opusa awa, ndikakhala nazo zonse zana, madimbawa ndidzawagulanso ndi kwiyo zomwezo. Analumbira. Kwa Gologolo analumbira, kwa Sakhwi analumbira. Madimba anabwerera kwa eni ake limodzilimodzi, ndipo nyimbo ya kudambo inasintha. Mvuu makumi atatu, kwiyo! Mvuu makumi asanu ndi limodzi, kwiyo! Iye ankagona m'madzi atatsinzina, kumvetsera dzina lake ngati munthu amene akumuyimbira paukwati. Inatsala imodzi, ya mayi Nkhanu. Nayonso anaigula ndi lumbiro lomwe lija, loti dimba la pokhota sadzaligula ndi zigoba.

Atakwanitsa zana anapita kwa Mkango. "Mfumu, ndafufuza. Ndalamayi njabwino zedi. Lamulo lija likhudzenso kwiyo, wogula akaloza, wogulitsa asakane." Mkango anati chabwino, Loweruka pabwalo udzationetse mmene imagulira, ndikadzaona ndi maso ndidzavomereza.

Nkhani inafika kumadimba ngati moto wa m'tchire. Sakhwi anakhala pansi. "Mayi Nkhanu, mwatipha! Loweruka atilandanso, ulendo uno ndi nyimbo!"

"Kathirireni mbewu zanu," anatero mayi Nkhanu. Lachitatu limenelo dzungu lawo loyamba linali litakhwima, lalikulu, lachikasu, lonunkhira. Analithyola, nalikunkhuniza mpaka kumtsinje kwa Mvuu.

"Bwana, ndabwera kudzakuyamikirani. Koma ndamva zondidetsa nkhawa. Nyani akuyendayenda kudambo, ati akuyesa kulota mawu anu otsekera. Ndikhulupirira munasankha ovuta."

"Ovuta kwambiri," anatero Mvuu. "Palibe angawadziwe."

"Bola asakhale a zakudya. Munthu wopepera ndiye angati dzungu, dzungu, dzungu mpaka kasanu n'kawiri. Koma inu ndi bwana."

Mvuu anangoti kukamwa yasa. Anavuuka m'madzi, liwiro kudambo. Anatseka maso, nasankha mawu asanu ndi awiri osagwirizana n'komwe, oti ngakhale mfiti singawalote, nawanong'oneza kwa achule aja mmodzimmodzi. Pobwerera anali akubwereza chamumtima, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, mutu wanga ndi waukulu koma mawuwa akuterereka. Ndiwalembe pati?"

"Pamchenga ayi, mvula ifufuta. Pamtengo ayi, Nyani awerenga. Pamwala ayi, simungaunyamule. Pafunika chinthu chimene mumachikonda, choti simungachisiye pena paliponse." Anayang'ana uku ndi uku ngati akufunafuna. "Kaya dzungu ili? Ndimati ndikupatseni la mphatso. Khungu lake ndi lolimba bwino."

Mayi Nkhanu anatembenuka kuti asaone, ndipo Mvuu analemba mawu ake pakhungu la dzungu ndi nsonga ya dzino. Anathokoza kwambiri. Anati mayi inu ndinu nokha wondifunira zabwino, dimba lanu ndidzaliloza pomalizira.

Tsono kumbukirani, madimba onse anali atabweza. Pamsika zigoba zake zinkapeza zonse zagulidwa kale. Lachinayi Mvuu anakhala pamchenga, dzungu lili patsogolo pake, mimba ikulira ngati galimoto yokwera phiri. Analinunkhiza. Analitembenuza.

"Kuseri kuno kulibe mawu," anatero. "Ndingoluma kamodzi kokha." Khwapu!

Maso anatsinzina okha. Dzungu la pokhota, anthu inu! Masana analiyang'ananso. "M'katimu mulibe mawu. Ndingoluma kamodzi kokha." Khwapu! Lachisanu anati m'mbalimu mwatsala malo ambiri opanda ntchito. "Ndingoluma kamodzi kokha." Khwapu! Pofika Loweruka m'mawa kunatsala kachikhungu kokhala ndi mawu kaja, kakang'ono ngati chikhatho cha mwana. Anakayang'ana, nako kanamuyang'ana. Anati ayi, aka ndiye chuma changa. Poopa Nyani, anakabisa m'tsaya.

Bwalo linadzaza. Achule asanu ndi awiri aja anakhala pamzere, Finye kutsogolo. Tizinyama ta madimba tinakhala kumbuyo titagwira m'masaya. Mvuu anafika mochedwa monga bwana, tsaya lili tu, osalankhula ndi munthu. Ankafuna akafika pamaso pa achule alavule kachikhungu kaja, awerenge, aloze. Koma pakhomo pa bwalo mayi Nkhanu anali atagwada kale panjira, manja ali okonzeka.

"Mwadzuka bwanji, bwana?" Phu, phu, phu, m'manja.

"Mmm," anatero Mvuu.

"Pepani, makutu angawa akalamba. Ndati mwadzuka bwanji? Nanga amayi kunyumba? Nanga ana? Chifuwa chija chinawasiya? Nanga achemwali anu a kutsidya aja, mwendo uli bwanji?"

"Mmm! Mmm!"

Zinyama zinayamba kunong'onezana. Taonani chuma, munthu wayamba kale kusayankha moni. Mkango anakwinya nkhope, paja iye mwano pabwalo pake saulola.

"Mvuu! Mayi akukulonjera atagwada, iwe ukuti mmm? Unaleredwa kuti? Nanenso ndikulonjere tsono. Wadzuka bwanji?"

Moni wa mfumu sayankha ndi mphuno. Mvuu anafuna kuti akankhire kachikhungu kumbali ndi lilime. Lilime linamva kutsekemera. Kukhosi kunatseguka kokha monga mwa chizolowezi chake.

Gwiti!

"Ndadzuka bwino, mfumu, kaya inu," anatero Mvuu ndi mawu ang'onoang'ono.

"Tadzuka. Tiye, tionetse mmene ndalama yako imagulira."

Mvuu anaima pamaso pa chule woyamba. Anakanda pamutu. "Dzungu?"

Achule zii.

"Mtambo? Ayi, chipande. Chipande chinali chachitatu. Kapena chachisanu. Khasu?"

Achule zii.

"A Finye, achimwene anga, ndi ine Mvuu! Mukundidziwa! Madzulo onsewa mwakhala mukuyimba dzina langa!"

"Tikukudziwani bwino, bwana," anatero Finye. "Kwiyo zonse zana ndi zanu, palibe akutsutsa. Tiziyimba mpaka kalekale. Nenani mawu basi."

"Mfumu, alamuleni andikumbutse!"

Mkango anabangula mpaka nkhuyu zinayoyoka. Finye sanaphethire n'komwe. "Mungathe kundidya, mfumu, koma mudya liwu limodzi lokha, ndipo silimveka muli m'mimba. Paja tinanena kuti kuno kulibe kodandaula."

"Mawu akowo ali kuti, Mvuu?" anafunsa Mkango.

"Ali m'mimba, mfumu."

Bwalo lonse linagwa nacho chiseko. Nyani anagwa mumtengo. Fuko anagubuduka mpaka kulowa m'dzenje lake lomwe. Ngakhale Mkango anabisa nkhope m'manyenje ake, mapewa akugwedezeka. Mvuu anayasamula kukamwa kwake konse, napempha timbalame kuti tisuzumire kukhosi, mwina liwu limodzi latsakamira. Timbalame tinasuzumira, tinati tikuona mdima wokhawokha, bwana, ndi nthanga ziwiri.

Chiseko chitatsika, mayi Nkhanu anaombanso m'manja. "Mfumu, ndili ndi kafunso. Achulewa amawerenga chilichonse chimene amva, ndipo amakhala pafupi ndi pamene bwana amagwirira ntchito. Munalamula zigoba zingati?"

"Mazana atatu."

"A Finye, kho munamumva kangati?"

Achule onse a m'dambo anayankha pamodzi, mawu amodzi: "Zikwi zisanu ndi zinayi, kwiyo! Zikwi zisanu ndi zinayi, kwiyo!"

Apa Mkango sanaseke. Anayang'ana Mvuu nthawi yaitali, mpaka Mvuu anafuna kulowa pansi, koma pansi pake pakanakwana ndani? Chigamulo chinali chotere. Zigoba zonse zoonjezera Mvuu azitole yekha, khomo ndi khomo, azisinthe ndi ntchito ya manja ake, akazitaye pamathithi. Kuyambira tsiku limenelo aziluma masana okha, pakati pa msika, achule akuwerenga mokweza. Ndipo lamulo loti wogulitsa asakane lisakhudzenso dimba la munthu.

Tizinyama tinavina mpaka fumbi kobo. Tinanyamula mayi Nkhanu m'mwamba, ana awo makumi anayi akuthamanga chammbali pambuyo. Mkango anawaitana.

"Mayi, mwatiphunzitsa. Tsono tiuzeni, mwa ndalama ziwirizi yopambana ndi iti?"

"Mfumu, ine ndi mlimi wa maungu," anatero mayi Nkhanu. "Ya dzino imafuna maso oyang'anira dzinolo. Ya nyimbo imafuna mutu wosayiwala, ndi mvula. Wobwera ndi chigoba ndimugulitsa, wobwera ndi kwiyo ndimugulitsa. Koma dimba langa musadzalilozenso."

Poti zana loyamba lija linali litatsekeka m'mimba mwa Mvuu, achule anayambitsa zana lina la kwiyo, ndipo ambiri anakumbanso. Fuko anazikonda kwambiri mpaka anataya zigoba zake zonse, ati za makedzana. Mwezi wa Okutobala dambo linauma gwa, achule analowa pansi, ndalama inapita kokapumula. Fuko anadwala dzino, sing'anga akufuna zigoba, ndipo anachita kukabwereka kwa mayi Nkhanu, amene anali atasunga pang'ono uku, pang'ono uko. Mvula itagwa achule anadzuka, kwiyo zake anazipeza zili momwemo, wayambanso kunyada.

Nanga Mvuu? Mpaka lero ndiye wolemera kuposa zinyama zonse. Mukapita kudambo nthawi ya dzinja mukamva achule akumuyimbira, Mvuu zana, kwiyo, Mvuu zana, kwiyo. Iye amangotulutsa timakutu m'madzi kumvetsera, kenaka n'kuyasamula kukamwa konse kuti timbalame tisuzumirenso. Ndipo akalowa m'dimba la munthu amachita kuba, mwini chuma chonsecho.

Ndiye inu awiri, musandifunse kuti wapambana ndani. A Nasibeko, ndalama ili pamfundoyo chaka chatha inkagula mbuzi, lero ikugula nkhuku, ndiye muzifunsako kuti akuluma ndani, ndipo akuwerenga ndani. Iwe Yotamu, magetsi akazima ndi netiweki n'kuthawa, achule ako amakhala agona. Ndipo mawu ako otsekera aja unalemba pati?

Bwanji wadzuka? Ukupapasa chiyani m'matumbamo? Kapepala kamene unalembapo mawuwo unakasiya pawindo? Usayang'ane pambaula, mwana iwe, ungagwe nacho chizungulire. Khala pansi. A Nasibeko, tamasulani mfundo ija. Mwaona? Anakatola m'mawa posesa, anati kapepala ka mwanayu kangauluke, n'kukamangira limodzi ndi ndalama zawo za boma. Chuma chako chonse chosaoneka chaswera pachitenje cha azakhali ako. Uwathokoze ndi manja awiri.

Nthano yanga yayenda chammbali mpaka yalowa kuuna kwake. Kaphuleni chinangwa chija chisanapserere, ndipo wondibweretsera asati ndingoluma kamodzi kokha.